Za Kupumula kwa Anthu a Malonda

 Mwezi uno mwera wakula pa nyanja yathu ya Nkhotakota. Mabwato ambiri ali pamtunda, alovi ali kusoka maukonde patsinde pa mitengo, ndipo palibe munthu awaseka kuti ndi aulesi, pakuti tonse tidziwa kuti wolimbana ndi mwera kawirikawiri sabwerako. Koma alipo anthu ena pakati pathu amene mwera suwaimitsa, mvula siwaletsa, ngakhale malungo sawagoneka pamphasa. Ndiwo eni timalonda: a maokala, a zigayo, a tiyi ndi mandasi, amayi opikula usipa ndi anyamata a kabaza. Za iwowa tifuna kunena mwezi uno, ndipo chotiyambitsa nkhaniyi ndi ulendo umene tidayenda masabata apitawa.

Tidapita kukazonda bambo wina wa mudzi wa kufupi ndi Chia, munthu wa msinkhu wathu womwewu, amene tidziwana naye kuyambira ubwana. Dzina lake tilisunga. Bamboyu adayamba ndi kabenchi ka sopo, mchere ndi machesi; atalimbika adamanga okala ya njerwa, ndipo pambuyo pake adagula injini ya boti mogawana ndi mlamu wake. Anthu ankamuloza pouza ana awo kuti khama lipindula, ndipo ifenso tidamuyamikira kangapo pamaso pa anthu.

Tsiku lake linkayenda chotere. Tambala woyamba akali kulira, iye ali kale pa doko kudikira boti kuti aone nsomba ndi maso ake, pakuti sankakhulupirira munthu wina pa za ndalama. Dzuwa likatuluka atsekula okala. Nsima ya masana adyera choimirira kuseri kwa kauntala, kapena osadya konse. Usiku atseka pokhapokha wogula wotsiriza atapita, nayamba kuwerenga ndalama ndi tochi. Ndipo pogona lamya ili kumutu, kuti kapena alovi aimba kuchokera pa nyanja. Lolemba ndi Lamulungu zidali chimodzimodzi kwa iye, chaka ndi chaka.

Mmawa wina ali kutsitsa belo la shuga adagwa pakhomo pa okala, mkono ndi mwendo wa kumanja zitafa, kamwa itapotoka. Ku chipatala adauza akubanja kuti magazi ake adakhala ali kuthamanga kopitirira kwa nthawi yaitali iye osadziwa. Mkazi wake adatiuza mawu amene sitidzawaiwala msanga. Adati: “Aphunzitsi, bambo a kunyumba kuno tidawataya kale asanadwale. Thupi linkabwera kudzagona, koma mtima unkatsala ku okala. Mwana akafunsa kanthu, ukali. Ine ndikati mawa mupumeko, iwo ati, kodi mudya kupumako?”

Tsono okala ija yakhala yotseka miyezi itatu. Katundu wina waonongekera momwemo. Amene adatenga zinthu pa ngongole angoti zii, pakuti ngongolezo zidalembedwa m'mutu mwa mwini yekha, ndipo mwiniyo lero alankhula movutika. Mayi sadziwa kumene bambo ankapikula, kapena mtengo umene ankagulira. Munthu amene adakana kutseka tsiku limodzi pa sabata watsekeredwa ndi matenda masiku 90.

Sitinena kuti ntchito yokha ndiyo idamugwetsa, pakuti nthenda imeneyi ili ndi zoyambitsa zambiri, monga mchere wochuluka, fodya, mowa ndi za kumtundu. Koma anthu ophunzira za umoyo adafufuza, ndipo adapeza kuti ntchito yopanda malire ili ndi mlandu wake waukulu. M'chaka cha 2021 mabungwe awiri a dziko lonse, la World Health Organization loona za umoyo ndi la International Labour Organization loona za ntchito, adalengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu 745,000 adafa ndi sitiroko ndi nthenda ya mtima chifukwa chogwira ntchito maola ochuluka. Adapeza kuti munthu wogwira maola 55 kapena kuposa pa sabata, chiopsezo chake cha sitiroko chikwera ndi 35 peresenti, ndipo cha kufa ndi nthenda ya mtima chikwera ndi 17 peresenti, pomuyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Tsono werengani nokha. Amene atsekula 5 koloko mmawa natseka 9 koloko usiku wagwira maola 16. Akatero masiku onse 7, ndiwo maola 112, kupitirira kawiri muyezo uja umene anzathuwo adauona kuti ngwoopsa. Kumbukiraninso kuti kafukufuku wa boma wa m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka a iwo sankadziwa.

Chimene chichitika m'thupi sichovuta kuchimva. Munthu akakomana ndi ng'ona pa dooko kapena mvuu m'bango, mtima ugunda msanga, magazi athamanga, tulo ndi njala zithawa, kuti apeze mphamvu yothawira. Chimenechi nchabwino, pakuti chipulumutsa moyo, ndipo ngozi ikapita thupi libwerera mwakale. Koma thupi silisiyanitsa ng'ona ndi ngongole. Munthu amene agona ndi nkhawa ya Lachisanu la kubweza, nadzuka nayo, nayenda nayo tsiku lonse, thupi lake likhala monga la munthu wothawa ng'ona mwezi wathunthu osaima. Mitsempha ilema, tulo tisanduka tating'ono, m'mimba muyamba kuwotcha, ndipo mutu suleka kuwawa.

Kulema kuli mitundu iwiri. Kulipo kwa munthu wochokera ku dimba la mpunga, amene asamba, nadya, nagona, ndipo kukacha ali wamphamvu. Kumeneko nkwabwino ndipo kukometsa nsima. Kwina ndi kuja kosatha ndi tulo, kumene Azungu akutcha burn-out, ndiko kunena kuti munthu wanyeka mpaka kutsala phulusa. M'chaka cha 2019 bungwe lija la za umoyo lidakulemba m'buku lake lalikulu monga vuto lochokera ku ntchito, ndipo lidatchula zizindikiro zitatu. Choyamba, mphamvu zitheratu, munthu adzuka ali wolema kale. Chachiwiri, mtima uchoka pa ntchito: wogula amene kale unkamulandira ndi nthabwala, lero ukamuona ali kubwera udandaula, ndipo malonda amene udawayamba ndi chimwemwe uyamba kuwada. Chachitatu, ntchito yomweyo iyamba kulephereka: ubweza chenje cholakwika, uiwala zimene udaoda, nsomba zipsa pa uvuni uli pomwepo. Amene wadziona m'zizindikiro zimenezi asadzinamize kuti ndi ufiti wa anzake a pamsika. Thupi lake lili kumuchenjeza, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Nanga nchifukwa ninji vutoli ligwira kwambiri eni timalonda? Munthu wolembedwa ntchito ali ndi lamulo lomuteteza. Lamulo la za ntchito la dziko lathu, la m'chaka cha 2000, liti ntchito ya nthawi zonse isapitirire maola 48 pa sabata, ndi kuti wantchito asagwire masiku oposa 6 otsatizana osapuma tsiku lathunthu. Koma mwini okala ndiye bwana, ndiyenso wantchito, kalaliki ndi mlonda. Palibe kapitao womuuza kuti weruka, ndipo tikunenetsani kuti bwana wankhanza kuposa onse ndiye munthu wodzilemba yekha ntchito. Zimene sangayerekeze kumuchita mnyamata wake poopa mlandu, adzichita mwini tsiku ndi tsiku.

Palinso zomufinya zina zimene sitingazichepetse. M'Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ambiri adaona mpamba umene unkagula mabelo khumi ukugula ochepa. Ena adatenga ngongole ku banki mkhonde, ndipo pofuna kubweza adatenganso ku banki mkhonde ina, potsiriza nagwa m'manja mwa akatapila. Achibale nawonso aona okala ngati nkhokwe ya mtundu wonse: maliro, fizi, matenda, zonse zigogoda pa chitseko chimodzi. Ndipo lamya, imene idatithandiza kutumiza ndalama popanda kukwera basi, idachotsanso mpanda umene udalipo pakati pa msika ndi nyumba, kotero kuti malonda alowa mpaka m'chipinda chogona.

Taonaninso amayi a geni ya usipa. Mayi afika pa doko kusanache kuti alimbirane ndowa ndi anzake, ayanika pa thandala, ayang'anira mitambo ndi akhwangwala tsiku lonse, kapena akhala mu utsi wa uvuni mpaka maso kufiira. Nsomba zikauma akwera nazo galimoto usiku kunka ku Lilongwe kapena ku Kasungu, agona pa msika atatsamira thumba lake poopa akuba, ndipo pobwera apeza zovala za ana zosachapa, nkhuni zatha, madzi palibe. Bambo akaweruka apuma. Mayi akaweruka ayamba ntchito yachiwiri. Abambo amene muwerenga tsamba lino, mawu awa alunjika kwa inu.

Tsono mankhwala ake tiwapeza kuti? Sitisowa kupita kutali, pakuti nyanja yomweyi itiphunzitsa. Kumwera kwathu kuno, m'boma la Salima, kuli chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko adaika lamulo lakuti usodzi utsekedwe nyengo ya dzinja. Atseka m'Disembala, asodzi achoka pa chilumba napita ku minda yawo, nsomba ziswana mwamtendere, ndipo atsekulanso m'Epulo pa mwambo waukulu. Pa chilumbapo mowa ndi juga nzoletsedwa. Zaka zonsezi zapita, madoko ambiri adandaula kuti nsomba zachepa, koma utaka wa ku Mbenji ukali ndi mbiri, ndipo anthu ophunzira achokera kutali kudzaona chimene mafumuwo adachita. Nalonso boma litseka usodzi wa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane. Ngakhale a chilimira adziwa kuti mwezi ukawala usipa subwera ku nyali, ndipo masiku amenewo akhala pamtunda.

Pa nkhani ya Mbenji tionapo zinthu ziwiri. A Makanjira sadadikire kuti nsomba zithe ndipo atseke. Nyengo yotseka idziwika pasadakhale. Ndiponso lamulolo ligwira onse pamodzi, kotero kuti palibe msodzi agona ndi mantha akuti mnzake ali kukokolola iye atapuma. Kupuma kongodikira mpata sikubwera, chifukwa pa malonda mpata supezeka. Kuyenera kuikidwa ngati lamulo, pasadakhale, ndi pamaso pa anthu ena. Pa maziko amenewa tipereka malangizo awa.

Loyamba: sankhani tsiku limodzi pa sabata, ndipo mulilembe pa chitseko kuti ogula alidziwe. Ife Akhristu tili ndi Lamulungu, anzathu Achisilamu amene tikhala nawo m'boma lino alemekeza Lachisanu. Ndipo apa pali mwayi umene madera ena alibe, pakuti eni maokala awiri oyandikana angathe kupangana kuti wina akatseka mnzake atumikire ogula a onse awiri. Amayi a benchi limodzi pa msika angathe kuchita chimodzimodzi mosinthana. Wogula akadziwa tsiku lanu aguliratu dzulo lake. Chimene chimuthamangitsa ndi chitseko chotsekedwa mosayembekezeka.

Lachiwiri: ikani ola lotsekera usiku. Munthu wamkulu afunika tulo ta maola osachepera 7. Tengani kope, mulembe kwa sabata imodzi zimene mugulitsa 8 koloko itadutsa. Ambiri mudzapeza kuti ndi ndudu ziwiri ndi kandulo, ndi kuti muli kugulitsa tulo tanu pa mtengo wa machesi. Amene ntchito yawo ndi ya usiku, monga alovi, abweze tulo masana m'malo mokhalira bawo ndi kachasu. Ndipo idyani mutakhala pansi, pamodzi ndi ana anu, kamodzi kokha pa tsiku ngakhale zitavuta.

Lachitatu: chotsani malonda m'mutu, muwaike m'kope, ndipo muphunzitse munthu wachiwiri. Mutu umodzi susenza denga. Lembani mitengo yopikulira ndi yogulitsira, maina a angongole, ndi kumene mugula katundu. Mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wamkulu adziwe zonsezi, ndipo mumusiyire okala theka la tsiku inu muli moyo ndi wamphamvu, kuti akalakwa mumukonze. Inde, adzalakwitsa chenje kamodzi kapena kawiri. Chimenecho ndi fizi ya sukulu, ndipo nchochepa poyerekeza ndi zimene banja la ku Chia lataya.

Lachinayi: lekanitsani ndalama za malonda ndi za pakhomo, ndipo mudzilipire nokha malipiro odziwika pa sabata. Pa malipirowo patulani kagawo kothandizira achibale. Kuthandiza mbale ndi mwambo wabwino umene sitifuna kuti ufe. Koma kagawo kaja kakatha, nenani poyera ndi mwaulemu kuti za mwezi uno zatha, osakhudza mpamba. Ngongole ya pa kauntala ikhale ndi malire ake, ndipo musachite manyazi kukumbutsa, pakuti mbewa ya manyazi idafera ku dzenje.

Lachisanu: musatenge ngongole kuti mubweze ngongole, ndipo musayambe malonda achitatu pamene awiri akukulemetsani. Mapanga awiri avumbwitsa. Ngati kubweza kwakanika, pitani kwa anzanu a gulu tsiku lisanafike, muwauze zoona, mupangane za kubweza pang'onopang'ono. Nkhawa yonenedwa ichepa, yobisidwa ikula usiku.

Lachisanu ndi chimodzi: pitani kukayezetsa kuthamanga kwa magazi ngakhale simumva kuwawa, pakuti nthendayi iyenda mwakachetechete, ndipo kuyezako sikutenga nthawi. Amene adapatsidwa mankhwala amwe masiku onse, osaleka chifukwa chakuti apeza bwino. Kuno kunyanja malungo ndi likodzo ndi alendo a masiku onse. Thupi likatentha kayezetseni tsiku lomwelo, m'malo momeza panado ndi kubwerera pa benchi. Ndipo ngati mtima wafika polema kotero kuti maganizo akudzipha ayamba kukufikirani chifukwa cha ngongole, tikupemphani ndi mtima wonse: uzani munthu lero lomwe, kaya ndi mnzanu, mkulu wa mpingo, shehe kapena a chipatala. Palibe ngongole ilingana ndi moyo wa munthu, ndipo ana anu angathe kukhala opanda okala, koma osati opanda inu.

Tidziwa kuti wina ali kunena mumtima mwake kuti: “Aphunzitsi alankhula bwino chifukwa sagulitsa tomato. Ine ndikapanda kupita pa msika lero, ana agona ndi njala lero lomwe.” Mawu amenewa ndi oona, ndipo sitiwanyoza. Alipo ambiri amene phindu la tsiku ndilo ufa wa tsikulo. Kwa otere tinena kuti yambani ndi chimene mungathe: theka la tsiku, kapena madzulo amodzi pa sabata. Patulani kandalama kochepa masiku 6 kuti kadyetse banja tsiku la 7, monga mlimi asunga mbewu ngakhale m'chaka cha njala. Ndipo ife tomwe, aphunzitsi ndi akulu a mipingo, tili ndi potikhudza: tisasandutse tsiku lopuma la anthuwa kukhala la misonkhano yosatha ndi zopereka zosawerengeka, kotero kuti mayi afika kunyumba dzuwa litalowa ali wolema kuposa tsiku la msika. Tivomera kuti pa ichi talakwapo kangapo.

Inunso ogula muli ndi gawo lanu. Musagogode pa zenera la mwini okala pakati pa usiku chifukwa cha mchere umene mukadagula masana, ndipo bwezani ngongole zanu musanakumbutsidwe. Munthu amene akukongozani shuga mwana wanu atadwala asagone maso chifukwa cha inu.

Potsazika kwa bambo uja wa ku Chia, tidamupeza atakhala pa khonde, ali kuphunzira kufumbata chikho ndi dzanja lodwalalo. Mwana wake wamkazi, amene watsiriza Fomu 4, adali pambali ndi kope latsopano, ali kulemba maina a angongole mmodzimmodzi monga bambo ankawakumbukira, ndipo mayi adati okala idzatsekulidwanso mwezi wa mawa, iwo ndi mwanayo ali kuseri kwa kauntala. Bamboyo adatikoka malaya ndi dzanja lamanzere, nanena pang'onopang'ono kuti: “Aphunzitsi, mukawauze anzanga. Injini ya boti ndinkaipumitsa ndi kuithira oilo pa nthawi yake, chifukwa ndidaigula modula. Ine ndekha ndinkadziyesa waulere.” Tidamulonjeza kuti tidzanena, ndipo tanena.

Mwera ukatha mabwato adzabwerera pa madzi ndi maukonde osokedwa bwino. Tikupemphani kuti mwezi uno usanathe, banja lililonse la malonda likhale pansi madzulo amodzi, lisankhe tsiku lake lotseka, ndi kugula kope. Mwezi wa mawa tidzakamba za kalembedwe ka kopelo, kuti ngakhale amene sadapite patali ndi sukulu athe kulisunga. Tsalani bwino, ndipo mupereke moni wathu kwa ana ndi kwa odwala a m'midzi mwanu.

Ndife mphunzitsi wanu wa kunyanja.